Dilipi ya Ayironi ndi Amayi a M'mbali mwa Kafue

Inu nonse omvera wailesi, inu a ku Chanyanya ndi a m'midzi yoyandikana nayo, asodzi amene mwakocheza mabwato anu padooko, alimi a m'minda yothirira, amayi amene mwaphula nsima yamadzulo ndi kukhala pansi kuti msana upume, ndiponso inu anamwino ndi azamba, amene kapena mawu anga akukupezani muli chiimire pantchito, ndapempha nthawi ino kuti tikambirane za nthenda yopanda mfuu, imene sigwetsa munthu tsiku limodzi monga achitira malungo, koma imamudya pang'onopang'ono ali chiyendere, kufikira anansi ake atayamba kunong'onezana kuti uje alibe magazi. Ndifunanso kukuuzani za chithandizo china chimene abale athu a ku Malawi adachiyesa pa amayi oyembekezera ku Zomba ndi ku Blantyre, ndicho kupereka ayironi kudzera m'dilipi, pakuti ndikhulupirira kuti nkhani imeneyi ndi ya mayi wa kuno kwathu koposa momwe ilili ya mayi wa mumzinda.

Mayi wochepa magazi tonse timamudziwa, ngakhale kawirikawiri timamuweruza molakwa. Ndiye uja amene akasenza ndowa kuchokera kumtsinje amaima panjira kuti apeze mpweya, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Ndiye uja amene akaweramuka pamtondo amaona chizungulire, m'maso mukuda. Ndipo mukamutsegula chikope, kapena kuyang'ana lilime lake ndi zikhatho zake, mumapeza zayera mbuu, pamene zikadayenera kukhala zofiirira. Ena amalakalaka dothi, nalitafuna mobisa, osadziwa kuti chilakolako chimenecho nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti thupi likusowa ayironi. Apongozi ake amati ndi ulesi, mwamuna wake amati ndi mmene imachitira mimba, ndipo iye mwini, popeza adaphunzitsidwa kuti mkazi sadandaula, amamanga chitenje nabwerera kuntchito. Kafukufuku wa zaumoyo amene boma la Zambia lidachita m'dziko lonse m'chaka cha 2018 adapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, akazi 31 adali ochepa magazi. Mwa oyembekezera adali 41. Ndipo mwa ana osafika zaka zisanu adali 58. Chiwerengero chotere sichingakhale cha aulesi ayi.

Tsono choopsa cha nthendayi chimaonekera pa tsiku lakuchira. Palibe mkazi amene amabereka osataya magazi, ndipo iye amene adafika pa tsikulo ali ndi magazi okwanira amataya napirira, koma iye amene adafika atachepekedwa kale, ngakhale ataye muyeso womwewo umene mnzake adaupirira, amatha kukomoka, mtima nulephera, mudzi nugwa maliro pamene unayembekezera nthungululu. Mwana nayenso amatha kubadwa masiku asanakwane, kapena kubadwa wochepa thupi. Ganizirani tsono za mayi wokhala m'misasa ya asodzi m'kati mwa madambo a Kafue, kumene madzi akasefukira njira imakhala ya bwato lokha: kuti afike pachipatala chaching'ono ndi ulendo, kuti achoke pamenepo kukafika ku Kafue General Hospital ndi ulendo winanso, ndipo magazi amene angamupulumutse sapangidwa m'fakitale iliyonse pansi pano, koma amachokera m'mitsempha ya anthu ena opereka mwaufulu, kotero kuti sakhala ochuluka nthawi zonse. Nchifukwa chake nzeru yonse ya nkhaniyi yagona pa kufikitsa mayi pa tsiku lake ali ndi magazi akeake okwanira.

Kuti timvetse bwino, ndiloleni ndifotokoze mmene Mlengi adaliumbira thupi. M'magazi muli maselo ofiira, ndipo m'maselomo muli chinthu chotchedwa himogulobini, chimene chimanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo ku chiwalo chilichonse. Anamwino amachilemba pakhadi lanu la kusikelo ndi zilembo ziwiri, Hb, ndi nambala pambali pake. Bungwe la World Health Organization limati mayi woyembekezera amene nambala yake yatsika pansi pa 11 ndi wochepa magazi, ndipo ikatsika pansi pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Himogulobini sangapangidwe popanda ayironi. Munthu wamkulu ali ndi ayironi wokwana magalamu 3 kapena 4 okha m'thupi lake lonse, ndipo pa zakudya zonse zimene amadya tsiku limodzi, matumbo amalowetsa miligalamu imodzi kapena awiri basi. Koma mimba imodzi, pophatikiza za mwana, za nsengwa, za magazi oonjezereka a mayi ndi zotayika pobereka, imafuna mamiligalamu pafupifupi 1,000. Mkazi amene adatenga pakati alibe ayironi wosungidwa m'thupi, mwina chifukwa mwana wina akali kumsana, amayamba ulendowo ali kale ndi ngongole.

Nanga nchifukwa ninji ngongoleyi ili yaikulu chotere pakati pathu, ife okhala m'mbali mwa mtsinje wa nsomba? Choyamba, chakudya chathu chachikulu ndi nsima, ndipo m'chimanga muli zina zimene zimagwira ayironi kuti asalowe m'thupi. Tiyi womwera pachakudya amachitanso chimodzimodzi. Ayironi wa m'nyama, m'chiwindi ndi m'nsomba amalowa msanga kuposa wa m'masamba, koma nsomba yabwino ya ku Chanyanya imakwera galimoto kupita ku Lusaka, ndipo sindingamudzudzule msodzi pa ichi, popeza ndalama yake ndiyo ya sukulu ndi ya feteleza. Kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, pamene usodzi umatsekedwa, mbale imasaukiratu. Chachiwiri, madzi omwewo amene amatidyetsa ndiwo amasunga nkhono za likodzo, limene limakhetsa magazi pang'onopang'ono m'mkodzo kapena m'chimbudzi kwa zaka. M'dothi lonyowa muli njoka za m'mimba zolowera kuphazi, zimene zimakaluma matumbo ndi kuyamwa. Ndipo udzudzu wa m'madambo umadzetsa malungo, amene amaphwanya maselo ofiira. Onjezeranipo msambo wochuluka ndi mimba zotsatizana, ndipo mudzaona kuti mayi wa kuno amataya ndi manja awiri pamene akulandira ndi dzanja limodzi.

Chithandizo chimene tonse tikuchidziwa ndi mapiritsi aja ofiira operekedwa kusikelo, ndipo ndikufuna kuti pasakhale womvera aliyense amene atuluke m'nkhani ino akuwanyoza. Mapiritsi a ayironi ndi akale ndithu, pakuti dokotala wina wa ku France, Pierre Blaud, adayamba kuchiza nawo atsikana ochepa magazi m'chaka cha 1832. Ndi otsika mtengo, safuna singano kapena firiji, ndipo apulumutsa amayi osawerengeka. Lero mayi aliyense woyembekezera amalangizidwa kumwa mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid. Komabe amene adawamwapo akudziwa zowawa zake: nseru, kutentha pamtima, kudzimbidwa, ndi chimbudzi chakuda chimene chimaopsa wosachenjezedwa, chingakhale chilibe vuto. Ambiri amamwa sabata imodzi kapena awiri, natsekera otsalawo m'chikwama, ndipo akafunsidwa kusikelo amayankha mwaulemu kuti akumwa, chifukwa safuna kukalipiridwa pamaso pa anzawo.

Palinso chifukwa china chozama, chimene ngakhale madokotala adachizindikira posachedwapa, cha m'ma 2000 ndi 2001, pamene adatulukira chinthu chopangidwa m'chiwindi chotchedwa hepcidin. Hepcidin ali ngati mlonda wa pachipata cha mudzi, amene akamva kuti kunja kwadza chilombo amatseka chipata, osalola kulowa ngakhale mlendo wodza ndi mphatso. Thupi likagwidwa ndi malungo kapena matenda ena otentha, iye amachuluka natseka njira ya ayironi m'matumbo, popeza tizilombo ta matenda natonso timafuna ayironi kuti tiswane. Chotero mayi wokhala m'dera la matenda obwerezabwereza akhoza kumeza mapiritsi ake mokhulupirika, koma ambiri a iwo nkungodutsa. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, mapiritsi amafuna nthawi, miyezi iwiri kapena itatu, kuti akweze magazi ndi kubwezeretsa zosungidwa. Apa mpamene pali mtima wa nkhani yanga. Mayi amene wayamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, monga achitira ambiri a m'misasa chifukwa cha kutalika kwa njira kapena chifukwa cha mwambo wobisa pakati, alibe miyezi itatu yakuti adikire.

Dilipi ya ayironi imalambalala matumbo, niperekera ayironi m'mtsempha mwachindunji. Nzeruyi si yatsopano, pakuti m'chaka cha 1954 kudatuluka mankhwala otchedwa iron dextran, koma iwo nthawi zina ankadzidzimutsa thupi moopsa, mwakuti madokotala ambiri adachita nawo mantha kwa zaka zambiri. Padalinso iron sucrose, wofatsa koma woperekedwa pang'onopang'ono, kawirikawiri mamiligalamu 200 pa ulendo umodzi, kotero kuti wodwala ayenera kubwera kuchipatala kangapo. Kwa munthu wolipira bwato ndi njinga yamoto, chimenecho ndi chitseko chotseka. Tsono m'chaka cha 2007 maiko a ku Ulaya adavomereza ferric carboxymaltose, mankhwala amene ayironi wake adakutidwa bwino kuti azituluka pang'onopang'ono m'thupi, ndipo chifukwa cha ichi munthu akhoza kulandira mpaka mamiligalamu 1,000 nthawi imodzi, atasungunulidwa m'botolo la madzi amchere a kuchipatala, m'mphindi 15 zokha. Kumbukirani nambala ija ya zimene mimba imodzi imafuna, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake anthu a zaumoyo adatcherera khutu.

Koma mankhwala oyesedwa pa anthu a ku Ulaya, kumene kulibe malungo, sangangotengedwa ndi chikhulupiriro chokha, ndipo padali chifukwa chenicheni choopera. M'chaka cha 2006 kudafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wa pachilumba cha Pemba ku Tanzania, kumene ana aang'ono opatsidwa ayironi m'dera la malungo ambiri adagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kuposa anzawo osapatsidwa, mpaka mbali imeneyo ya kafukufukuyo idaimitsidwa nthawi isanakwane. Funso lidali lakuti, ngati ayironi wochepa wa pakamwa adachita zotere, nanga wochuluka wa m'mtsempha adzachita zotani kwa mayi woyembekezera? Amene adadzipereka kuyankha funsoli ndi akatswiri a ku Malawi motsogozedwa ndi Pulofesa Kamija Phiri, wa bungwe la Training and Research Unit of Excellence ndi Kamuzu University of Health Sciences, mogwirizana ndi Pulofesa Sant-Rayn Pasricha wa ku Walter and Eliza Hall Institute mumzinda wa Melbourne ku Australia. Kafukufuku wawo, wotchedwa REVAMP, adayamba mu November 2018 ndipo kulemba amayi kudatha mu March 2021. Adayeza amayi oposa 21,000, nasankha 862 amene mimba zawo zidali za masabata 13 mpaka 26 ndipo Hb yawo idali pansi pa 10; theka adalandira dilipi kamodzi, theka lina adapatsidwa mapiritsi akumwa kawiri patsiku kwa masiku 90.

Zotsatira zake, zimene zidatuluka m'magazini ya madokotala ya The Lancet m'chaka cha 2023, ndizinena monga zidaliri, pakuti wonena za mankhwala akakometsera amapha anthu. Mbali yokondweretsa idali yakuti dilipi sidachulukitse malungo kapena matenda ena, ndipo idathetsa kusowa kwa ayironi m'thupi kuposa mapiritsi. Koma pofika sabata ya 36, amayi 52 mwa 100 alionse a dilipi adali akadali ochepa magazi, poyerekeza ndi 57 a mapiritsi, kusiyana kochepa kwambiri kosati nkumangapo mfundo. Ndipo kulemera kwa ana pobadwa sikudasiyane. Ambiri amene ankayembekezera chozizwitsa adagwa mphwayi. Ine ndimawalemekeza ofufuzawo chifukwa cha tsiku limenelo koposa masiku ena onse, popeza adalengeza poyera chimene mitima yawo sidachifune, ndipo potero adatiphunzitsa chinthu chimene tiyenera kuchisunga kuno ku Kafue: kuti si kuchepa magazi konse kumene kumadza ndi kusowa ayironi.

Mfundo imeneyi idaonekeranso kale pa ana. Kafukufuku wina wa ku Blantyre ndi ku Chikwawa, wofalitsidwa m'chaka cha 2008, adapeza kuti mwa ana ochepa magazi kwambiri, zoyambitsa zazikulu zidali malungo, tizilombo tolowa m'magazi, njoka za m'mimba, HIV ndi kusowa mavitamini A ndi B12, osati kusowa ayironi monga ambiri ankaganizira. Palinso nthenda yobadwa nayo ya sickle cell, imene si yachilendo m'dziko lino, ndipo mwini wake akapatsidwa ayironi mosayeza akhoza kupwetekedwa, chifukwa thupi lilibe njira yotulutsira ayironi wopitirira muyeso. Safunsa anadya phula, adatero akuluakulu. Munthu akayera m'maso, choyamba ndi kuyeza magazi ndi kufunafuna chimene chikuwatha. Mukathira dilipi pamene likodzo likukhetsabe, mudzabwerera pomwepo chaka chamawa.

Ofufuza a ku Zomba sadaleke. Adalingalira kuti ayironi amasowa kwambiri kumapeto kwa mimba, pamene mwana akukula msanga ndi kutenga gawo lake, ndiponso pamene nthawi ya mapiritsi yatha. Nayambitsa kafukufuku wachiwiri, REVAMP-TT, wa amayi 590 a mimba za masabata 27 mpaka 35. Chimene chikundikhudza kwambiri nchakuti dilipiyo idaperekedwa m'zipatala zazing'ono za m'boma la Zomba, zonga zimene mayi wa kumudzi amapitako kusikelo. Zotsatira zidatuluka m'magazini ya Nature Medicine kumayambiriro kwa 2025, ndipo ulendo uno kusiyana kudaoneka poyera: pofika sabata ya 36 kapena pa nthawi yochira, ochepa magazi adali pafupifupi 47 mwa 100 pakati pa olandira dilipi, pamene pakati pa akumwa mapiritsi adali pafupifupi 63. Ndiko kunena kuti mwa amayi 100 alionse, amayi 16 amene akadalowa m'chipinda choberekera ali ochepekedwa adalowamo magazi awo atakwera, chifukwa cha kukhala pampando kamodzi kwa mphindi zowerengeka.

Umboni wina udachokera kwa anansi athu. Ku Bagamoyo ndi ku Dar es Salaam, m'kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2021, amayi ochepa magazi atangochira adapatsidwa dilipi yomweyi, ndipo patapita masabata asanu ndi limodzi, 80 mwa 100 magazi awo adali atabwerera m'malo, poyerekeza ndi 51 a mapiritsi. Ku Nigeria, m'madera a Lagos ndi Kano, zotsatira za 2024 zidafanana ndi zoyamba za ku Malawi: kusowa ayironi kudachepa, koma chiwerengero cha ochepa magazi sichidasiyane kwenikweni. Dziko lathu nalo silidakhale chete, pakuti madokotala a University Teaching Hospital ku Lusaka, amene kwa zaka zambiri akhala akulemba za mimba ndi kubadwa kwa ana m'maboma a Kafue ndi Chongwe mogwirizana ndi University of Alabama at Birmingham, ali m'gulu la maiko angapo amene adayambitsa kafukufuku wotchedwa PRIORITY, woyesa dilipiyi pa amayi ongochira kumene.

Tikasonkhanitsa zonsezi, maganizo anga ndi awa. Dilipi ya ayironi siyenera kulowa m'malo mwa mapiritsi kwa mayi aliyense, ndipo amene wayamba sikelo msanga, magazi ake atangotsika pang'ono, amwe mapiritsi ake ndi mtima wonse. Koma alipo amayi ena amene chilungamo chimafuna kuti dilipi iwapeze: amene wafika mochedwa magazi ali pansi, amene mapiritsi amamusanzitsa kapena wawamwa mokhulupirika koma nambala yake sikukwera, ndi amene wataya magazi pochira ndipo akubwerera kumsasa kukayamwitsa, kutunga ndi kusinja. Mayi wa mumzinda, wokhala pafupi ndi chipatala chachikulu ndi nkhokwe ya magazi, ali ndi pothawira pena zinthu zikavuta. Mayi wa kutsidya kwa madambo alibe. Chifukwa chake ndikunena kuti mankhwala operekedwa kamodzi nkutha, ngakhale adapangidwira kutali, amayenera koposa iye amene kubwera kwake kuchipatala kuli kovuta, ndipo chingakhale chinthu chomvetsa chisoni ngati atakhala a okhawo otha kulipira m'zipatala za ndalama.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ndiyenera kunena machenjezo ake. Dilipiyi saipereka m'miyezi itatu yoyamba ya mimba. Saipereka kwa munthu amene thupi lake latentha ndi malungo kapena matenda ena asanachizidwe. Ena akamalandira amamva kutentha kumaso, kuthina pachifuwa kapena kupweteka msana, zimene kawirikawiri zimatha namwino akaimitsa kwa kanthawi. Koma mwa apo ndi apo thupi limadzidzimuka moopsa, nchifukwa chake iyenera kuperekedwa pokhapo pamene pali namwino wophunzitsidwa ndi mankhwala otsitsimutsira, ndipo wolandirayo akhale pamaso pawo kwa theka la ola asanapite. Mankhwalawa akatayikira kunja kwa mtsempha amasiya banga lakuda pakhungu lokhalitsa, ndipo amathanso kutsitsa mchere wa phosphate m'magazi, umene mafupa amaufuna, makamaka mwa olandira kangapo. Musalole munthu woyenda ndi chikwama m'misika kapena m'misasa kuti akubayeni chinthu chimene akuchitcha dilipi ya magazi. Ndipo dziwani kuti ayironi si magazi okonzeka, koma chopangira magazi, chimene thupi limafuna sabata imodzi kapena awiri kuti liyambe kuonetsa ntchito yake. Mayi amene akutaya magazi tsopano lino, kapena amene akubanika ngakhale atakhala pansi, afunika kuthamangira naye kuchipatala chachikulu, kumene angathiridwe magazi enieni.

Ndikudziwanso manong'onong'o amene amatsata chilichonse chokhudza magazi. Sitidaiwale mphekesera za opopa magazi zimene zidavutitsa maboma a Mulanje ndi Phalombe ku Malawi m'chaka cha 2017, mpaka anthu osalakwa adaphedwa, ndipo kuno kwathu nako nkhani zotere zimabuka nthawi ndi nthawi. Mankhwala a ayironi ndi oderapo, ndipo munthu wowaona akutsika m'kapaipi akhoza kuganiza kuti ndi magazi a munthu wina. Ndikukutsimikizirani kuti mulibe mwazi wa munthu kapena wa nyama m'menemo. Ndi ayironi wokutidwa ndi zochokera ku shuga, ndipo ngakhale abale athu amene chikhulupiriro chawo sichilola kuthiridwa magazi amatha kuwalandira ndi chikumbumtima choyera. Timagazi tochepa timene namwino amatenga pachala ndi toyezera basi. Mantha otere satha ndi kukalipa, koma ndi kufotokoza moleza mtima, ndipo pa ntchito imeneyi ndikudalira inu a magulu a uchembere wabwino a SMAG, inu anankungwi, inu mafumu ndi atsogoleri a mipingo, amene mawu anu amafika kumene wailesi sifika.

Chotsalira ndi mtengo, ndipo sindibisa kuti botolo limodzi la mankhwalawa limadula kutalitali kuposa mapiritsi a mimba yonse. Pamwamba pake pafunika singano, madzi amchere, makina oyezera Hb amene ali ndi zipangizo zake, ndi namwino amene ali ndi mpata wokhala pambali pa wodwala. Kwa akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo ndi a ofesi ya zaumoyo ya boma la Kafue, pempho langa laulemu ndi lakuti powerengera mtengo wa dilipi awerengerenso mtengo wa ambulansi yausiku, wa botolo la magazi, wa masiku ogona m'chipatala ndi wa ana amasiye, ndipo akaona kuti nkoyenera kuyamba, ayambire m'zipatala za m'mbali mwa mtsinje. Mutu umodzi susenza denga: maiko a kuno akagula pamodzi ndi mochuluka, mtengo umatsika, monga zidachitikira ndi ma ARV, amene poyamba ankaoneka ngati a olemera okha.

Kwa inu abambo anzanga, gawo lanu silidikira chigamulo cha ku Lusaka. Mayi wa kunyumba akakuuzani kuti waima, mutengeni kusikelo m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mufunse namwino mwaulemu kuti Hb yake ili pati ndi kuti adzayezanso liti. Muonetsetse kuti akugona m'neti usiku uliwonse, akulandira Fansidar ndi mankhwala a njoka pa nthawi yake, ndipo ngati akuona magazi m'mkodzo anene msanga. Pa nsomba zimene mwagwira, patulani za pakhomo musanayitane ogula, makamaka zing'onozing'ono zodya zathunthu. Pambale pakhale bonongwe, chibwabwa, kalembula ndi nyemba, ndi phwetekere, gwafa kapena ndimu zothandiza ayironi kulowa, ndipo tiyi adikire ola limodzi kapena awiri chakudya chitatha. Mapiritsi akamusautsa asangowasiya mwakachetechete, koma abwerere akanene, pakuti namwino akhoza kusintha kamwedwe kake, kapena kumutumiza kwa dokotala amene angaone ngati ali woyenera dilipi. Amene mwezi wake wayandikira ndipo amakhala kutsidya, awolokeretu madzi asanatseke njira, akadikirire pafupi ndi chipatala.